Mmene mungaphunzitsire tizilombo kupirira cipro

Inu a ku Senga Bay amene mumaona alovi akulimbana ndi chingwe cha chilimila chitapotana, phunziro ili silikuvutani. M'selo imodzi ya thupi lanu muli ulusi wa DNA wotalika pafupifupi mamita 2, wopindidwa m'kamalo kosaoneka ndi maso. Selo ikamaukopera kuti igawikane, ulusiwo umapotana kutsogolo ngati chingwe chimene munthu akuchimasula pakati. Zikatero pamafika mmisiri wotchedwa topoisomerase, amene James Wang anamutulukira mu 1971. Amadula ulusi, kuuwongola, n'kuulumikizanso. Mabakiteriya ali ndi mmisiri wawo, gyrase. Cipro, uja amatipatsa tikadwala taifodi, amamugwira dzanja atangodula, asanalumikize. DNA imatsala zidutswazidutswa, kachilombo n'kufa.

Tsono ngati tizilomboti mumatimvera chisoni, tcherani khutu.

Kuchipatala musapiteko. Mzere ndi wautali, komanso adokotala ali ndi khalidwe loipa lofuna kuyamba ayeza. Gulani mapiritsi awiri pa okala, pamene amawaika pakati pa sopo ndi machesi. Mwani limodzi. Thupi likangozizira, basi mwachira. Linalo sungani m'thumba la jekete, lidzathandiza alamu anu akadzadwala chimfine, ngakhale kuti chimfine n'cha vairasi ndipo cipro alibe nacho ntchito.

Mukatero mwapha tofooka tokha. Totsalato, timene jini yake ya gyrA, yopanga gyrase uja, yasintha pang'ono moti mankhwala akagwira amaterereka, tiswana mwamtendere. Musatiumire. Kadzithandizeni m'nyanja mbandakucha, chakumtunda kwa pamene amayi amatsukira mbale, kuti mudzi wonse ulandireko.

Nanga mmisiri wa ife anthu? Nayenso amakodwa. Etoposide ndi doxorubicin, mankhwala a khansa, amamutchera msampha womwewo, ndipo nthawi zina zidutswa zimalumikizika molakwika n'kudzabala khansa ya m'magazi patapita zaka. N'chifukwa chake madokotala amayeza kulemera ndi msinkhu wa wodwala asanamupatse. Izo n'za anthu amantha. Inu mankhwala muziyeza ndi maso, ngati mulu wa usipa.

Katemera wa taifodi anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno mu May 2023. Ngati mukufunitsitsa kuti ophunzira anu akhoze mayeso, mwana wanu musapite naye kokalandira katemerayu.