Injiniya wa Fulashi ku Mvurwi

Mlembi wanu sanapite ku Mvurwi kukaputa munthu. Anangoperekeza amalume ake, mkulu wosunga mabuku a bungwe la maliro la pa komboni ina, kuti akaonetse laputopu imene kuyaka kwake kunkadikiritsa ngati nyemba zouma. Anawatumizira ndi mwana wawo wa ku Johannesburg, ili ndi Windows 7. Aliyense amene anamufunsa analoza kumodzi: kuseri kwa butchala, pafupi ndi wometa, kuli Injiniya.

Injiniya ndi mnyamata amene ndevu zake zikadakambirana ngati zimere kapena ayi. Udindowo anadzipatsa yekha, n'kuulemba ndi penti pachitseko. Chida chake n'chimodzi, fulashi yofiira yolendewera m'khosi pa chingwe chakuda ndi thukuta. Agogo athu zithumwa ankamanga m'chiuno, mobisa. Uyu chake chili pamtunda, ndipo asanachilowetse m'kompyuta amachiuzira mpweya kawiri, n'kuchipukuta pa malaya.

Laputopu sanaitsegule n'komwe. Anangoinyamula ngati akuyesa kulemera kwa nkhuku.

"Sekuru, iyi ndi yofomata."

"Mwana wanga, suyiyatsa kaye uone chikuvuta?"

"Madala, ntchito iyi ndinabadwa nayo."

Pambuyo pake wometa ananong'oneza kuti matenda onse pamenepo mankhwala ake ndi omwewo. Batire latha, kufomata. Mwana wathira phala pa mabatani, kufomata. Mlembi wanu akukhulupirira kuti wina atakokera thirakitala yakufa pakhomopo, kapena apongozi odwala nyamakazi, mnyamatayo angafunse kuti polowetsa fulashi ndi pati.

Mtengo unali madola 10 a ku America. Amalume anatulutsa ndalama yopindidwa kanayi, yotsala pa fodya wa chaka chatha. Injiniya anaiyang'ana padzuwa, anainunkhiza, n'kuibweza chifukwa pakona panali pong'ambika pang'ono. Munthu amene tebulo lake laimira pa njerwa, mpando wake ndi kreti ya zakumwa, kukana dola chifukwa cha chipsera!

Chimene amachita anyamata amenewa si matsenga, ngakhale amafuna chioneke choncho. Amatenga fayilo ya Windows yoposa magigabaiti 5, n'kuilemba pa fulashi ya magigabaiti 8 kapena kuposa ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa Rufus. Poyatsa kompyuta amadina batani louza makinawo kuti ayambire pa fulashi: F9 pa HP, F12 pa Dell. Zotsalazo ndi kuwerenga ndi kudikira. Koma Injiniya batani la F9 amaligogoda ngati akuimba ng'oma ya mbalule, maso ali kudenga. Katatu konse anachedwa, Windows 7 n'kudzuka bwinobwino, iye n'kuizimitsa mwaukali ngati mwana wolowerera nkhani za akulu.

"Windows 7 inamwalira kale, Sekuru," anatero.

Apa ananena zoona. Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020. Chimene sananene n'chakuti Windows 10 ya pa fulashi yake nayonso inatsatira pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0, kamene laputopu yokalambayo ilibe. Ndiye kuti wosunga mabuku a bungwe la maliro analipira madola 10 kuti amuchotsere mtembo wina n'kumugonekera wina.

Nthawi imeneyi pakhomo panali patadzaza. Ku matauni a m'mafamu kompyuta yotsegula imaitana anthu kuposa ngozi ya kombi. Wometa anabwera ndi makina ake m'manja, kasitomala wake ali pambuyo, mutu wometedwa mbali imodzi. Woyendetsa mushikashika anasiya anthu asanu ndi awiri atapanikizana m'ka Honda Fit kuti adzapereke maganizo. Wina anati aiyanike padzuwa. Wina anati mlamu wake ku Bindura anaikwirira yake mu mpunga. Mphunzitsi wina wofatsa anatchula Ubuntu, yaulere, yosalemera pa makina akale, imene anayambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo anafotokoza kuti dzinalo ndi umunthu womwewu.

"Ticha," anatero Injiniya osatembenuka, "umunthu ulibe magemu."

Kenaka panafika pamene kompyuta imaonetsa zigawo za diski n'kufunsa poika Windows. Amalume anali atanena katatu kuti m'katimo muli kaundula wa bungwe, wa amene anasonkha ndi amene ali ndi ngongole, komanso zithunzi. Katatu konse anayankhidwa kuti "zili bho." Foni ya Injiniya inalira. Anaipana ndi phewa, n'kuyamba kulonjeza mtsikana wina chipisi ndi nkhuku, uku chala chikudina Delete, Delete, Delete, ngati akuthyola masamba a m'munsi a fodya.

Apa mlembi wanu kuseka kunamuthera. Munali zithunzi za maliro a mayi awo a amalume, ndi kanema wa Gule Wamkulu amene anavina tsiku limenelo, gule amene anzathu Achishona amati zvigure. Munali chithunzi cha chitupa cha bambo awo, amene anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 pa lole ya Ulere, n'kudzathera moyo wawo m'mabalani a fodya wa mzungu. Pepala lenilenilo linatayika pa chipwirikiti cha m'mafamu cha 2000, pamene anthu a m'makomboni ankasamuka ndi zimene manja akanatha kunyamula. Anthu amenewa mapepala awavutitsa moyo wonse. Ndiye kamnyamata kamene kanabadwa dzana, kamene agogo ake mwina anakwera lole yomweyo, kakufufuta zonse pakati pa nkhani ya chipisi. Kukopera mafayilo kaye pa fulashi ina kukanatenga mphindi zochepa. Koma fulashi ina ilibe ulemerero, ndipo kukopera sikusonkhanitsa anthu.

Manambala anayamba kukwera, gulu lonse likuwerenga mokweza ngati zigoli. Pa 87 peresenti magetsi anazima, ndipo batire la laputopuyo, limene linasiya ntchito kalekale, silinayese n'komwe. Wowotcherera zitsulo anabwereketsa jenereta pa dola imodzi, yopanda chipsera. Anayambiranso. Itamaliza, kompyuta inadzizimitsa n'kuyakanso, koma poti Injiniya anaiwala kuzula chithumwa chake, inabwerera poyambirira penipeni n'kufunsanso chilankhulo.

Chilankhulocho nachonso! Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo choyamba pa mndandandawo ndi Chewa. Pa fulashi ya Injiniya panali Chingerezi chokha. Pa nthawi anasankha "Harare, Pretoria," amalume n'kunena kuti bola wotchi, poti ku Dedza nthawi ndi yomweyo.

Kenaka kompyuta inafunsa dziko.

Amalume anavula magalasi. Funso limeneli analimva koyamba kalekale. Anabadwira pa famu, ku Malawi anapitako kamodzi kokha kukaona manda, koma chitupa chawo chinalembedwa kuti Alien. Lamulo la 2001 linawauza kuti akane unzika wa dziko limene sanakhalemo, ndipo anadikira mpaka 2013 kuti malamulo avomereze kuti wobadwira muno, kholo lake lili la dziko la SADC, ndi nzika.

"Mwana wanga, ikufuna kalata ya mfumu?"

"Ayi Sekuru, mungodina."

Anadina okha, ndi chala chonjenjemera, pa Zimbabwe. Kompyuta inavomera pomwepo, osafunsa mboni, osawauza kuti abwere Lachinayi. Wometa anaomba m'manja.

Madzulo laputopu inatuluka yopanda mawu, yosaona Wi-Fi, poti madiraiva ake akuti ndi madola ena atatu. M'malo mwa zithunzi za maliro, Injiniya anaikamo mphatso: nyimbo za Alick Macheso, mwana wa pa famu ku Shamva, ndi mafilimu a karate khumi ndi awiri. Nkhani inafika pa komboni iwo asanafike. Pofika usiku aliyense wa ngongole anali atakumbukira kuti analipira, ndipo foromani wakale, amene sanasonkhepo chisamukire mzungu, ankati bungwe ndilo lili ndi chenji chake. Chimwemwecho chinatha m'mawa, akazi a amalume atatulutsa m'sutikesi buku lachikuto cholimba limene ankakoperamo zonse ndi bolopeni, poti makinawo sanawakhulupirirepo.

Chatsala ndi timawu totuwa pakona ya m'munsi, takuti Activate Windows. Mlembi wanu anafotokoza kuti Windows imeneyi ilibe chiphaso, inalowa mozemba, ndipo izikumbutsidwa zimenezo tsiku ndi tsiku. Amalume anayang'ana timawuto nthawi yaitali, n'kuisisita laputopu pamsana.

"Isiyeni, mphwanga," anatero. "Izigwira ntchito choncho. Ifenso tinayamba choncho."

Fulashi yofiira ikadali m'khosi mwa Injiniya, ndipo mtengo wakwera kufika madola 12.