Msilikali wa Mtanda pa Shelefu ya Chokoleti

Pachaka pali nyengo imodzi yokha imene Chikhristu changa chimafika pachimake, ndipo si Khrisimasi ayi. Ndi nyengo imene masitolo a kuno ku Birmingham amaunjika mazira a chokoleti pamashelefu, kuzizira kusanathe n'komwe. Miyezi ina yonseyi ndine Mkhristu wa pabenchi yakumbuyo, wolowa kwaya itaimba kale, wogwidwa chifuwa mbale ya chopereka ikamayandikira mzere wathu. Koma wina angoponya chithunzi cha bokosi la dzira pa gulu lathu la WhatsApp, n'kulemba pansi kuti "abale taonani, achotsa dzina la Isitala", magazi anga amawira ngati a Petro m'munda wa Getsemane. Kungoti Petro anali ndi lupanga, ine ndili ndi chala chachikulu ndi foni yosweka galasi.

Inu amene muli kumudzi ndikufotokozereni kaye, poti nkhaniyi ikhoza kumveka ngati ya anthu okhuta. Ndi ya anthu okhutadi. Kuno pa Isitala anthu amapatsana mazira opangidwa ndi chokoleti, aakulu bwino, okutidwa ndi pepala lonyezimira, koma m'kati mwake muli mpweya wokhawokha. Anayambitsa malondawa kuno ku Britain ndi a kampani ya Fry ku Bristol mu 1873, kenako a Cadbury a konkuno ku Birmingham anatsatira mu 1875. Ndiye chaka ndi chaka, mazira akangofika m'sitolo, pamabuka anthu olumbira kuti makampani akufufuta mwakachetechete dzina la Isitala pamabokosi, ati poopa kukhumudwitsa azipembedzo zina. Anthuwa amalemba makalata, amaimba foni ku wailesi, amalonjeza kuti sadzagulanso. Ine ndinalowa usilikali umenewu mu 2017, popanda wondifunsa ngakhale satifiketi ya ubatizo.

Chaka chimenecho moto unayaka zenizeni. Bungwe la National Trust, lija losamala nyumba zakale za mabwana ndi minda yake, linkachititsa masewera a ana osaka mazira obisidwa m'maluwa, mogwirizana ndi a Cadbury. Dzina la masewerawo linasintha, kuchoka pa "Easter Egg Trail" kukhala "Cadbury Egg Hunt". Arkibishopu wa ku York wa nthawiyo, a John Sentamu, mwana wa ku Uganda, ananena kuti kuchita zimenezo n'chimodzimodzi kulavulira manda a John Cadbury, woyambitsa kampaniyo. Nduna yaikulu ya nthawiyo, mayi Theresa May, amenenso ndi mwana wa m'busa, anali pa ulendo wa ku Jordan ndi Saudi Arabia, patangopita masiku ochepa chitumizireni kalata yoyambitsa kutuluka kwa Britain m'bungwe la European Union. Koma anapeza mpata woima pamaso pa atolankhani n'kunena kuti zimene achitazo n'zopanda nzeru ngakhale pang'ono. Ine ndinati ngati mayi wolamulira dziko wasiya Brexit pamoto kuti akambe za dzira, ndine yani ine wosintha mabulangete m'nyumba yosamalira okalamba kuti ndikhale chete?

A National Trust anayankha kuti dzinalo lili mbwee pa tsamba lawo la intaneti. A Cadbury nawo anati pamazira awo ambiri dzinalo lilipo. Mayankho amenewo sindinawasamale. Msilikali sawerenga makalata a mdani.

Chaka chino ndinaganiza zochita kafukufuku ndekha, kuopa kukhala kandimverere amene anakanena za m'maluwa. Ndikuchokera ku shifiti ya usiku, maso ali psuu, ndinalowa m'sitolo ina yaikulu n'kuyamba kuyendera mashelefu manja ali kumbuyo. Bokosi loyamba, kalulu. Lachiwiri, kamwanapiye. Lachitatu ndinalinyamula n'kuliyandikitsa kumphuno, poti magalasi ndinali nditawasiya kuntchito. Dzina la Isitala osalipeza. Mtima unati myaa, chifukwa palibe chosangalatsa ngati kupeza kuti zimene unakwiya nazo n'zoona. Ndinakodola mnyamata wina wopanga katundu pamashelefu.

"Achimwene, tandiitanirani abwana anu. Ndikufuna andiuze chimene dzina la Isitala lawalakwira."

Mnyamatayo, waulemu wake, sanaseke. Anangoti, "Bambo, tatembenuzani bokosilo."

Ndinatembenuza. Linalipo.

"N'laling'ono kwambiri," ndinatero, posafuna kugonja pamaso pa mwana. "Munthu angaliwerenge bwanji?"

Iye analoza kumwamba. Pamutu panga penipeni panali chikwangwani cholendewera kuchokera kudenga, chofunira makasitomala onse Isitala yabwino, zilembo zake zoti woyendetsa basi akhoza kuwerenga ali pamsewu. Ndinali nditaima pansi pake nthawi yonseyo. Mnyamata uja anandifuniranso Isitala yabwino, n'kuwonjeza kuti iye ndi Msilamu ndipo mazira a karamelo ndiye amakoma kuposa limene ndanyamulalo.

Munthu wamkulu sangatuluke chimanjamanja pamalo otere. Ndinagula dziralo ngati umboni wokaonetsa pa gulu. Ndinagulanso la karamelo, kuti kafukufuku asakhale wa mbali imodzi. M'basi muja ndinati nditsegule pang'ono ndione ngati sanalembe kanthu pa dzira lenilenilo. Pofika pa siteji yakwathu, umboni wonse unali utasungidwa pamalo amene loya aliyense sangaufikire. Imeneyo inali nyengo ya Lenti.

Mayi a kunyumba ndi a Mvano, ndipo yunifolomu yawo anabwera nayo m'chikwama cha m'manja pa ndege, kuopa kuti ingasochere. Ndinkayembekeza kuti pankhondo imeneyi adzakhala kazembe wanga. Anandiyang'ana pamlomo, n'kuyang'ana bokosi lopanda kanthu.

"Bambo a ana, Lachisanu Loyera chaka chatha munali kuti?"

"Nkhani si imeneyo."

"Munali ku mpira. Ndiye mukufuna katoni ikumbukire tsiku limene eniake simulikumbukira?"

Ndinawauza kuti nkhani ya katoni ndi nkhani ya dziko, ya mbiri, ya manda a John Cadbury amene akulavuliridwa ife tikuonerera. Apa m'pamene mwana wathu wamkazi, amene sukulu yawo inapita kukaona Cadbury World ku Bournville, anachotsa maso pa foni.

"Adadi, John Cadbury sankachita nawo Isitala."

Ndinamuuza kuti akulu akamayankhula ana amatsuka mbale. Koma mwana wamakono sabwezeka, ndipo choipa kwambiri n'chakuti amanena zoona. John Cadbury anatsegula kasitolo kake mumsewu wa Bull Street mu 1824, akugulitsa tiyi, khofi ndi chokoleti chakumwa. Anali wa mpingo wa Quaker, ndipo anthu a mpingo umenewu kuyambira kale sankapatula Isitala kapena Khrisimasi, poti kwa iwo tsiku lililonse n'loyera mofanana. Mmodzi wa zidzukulu zake ananena zomwezo poyera mu 2017, kuti agogo awo sankakondwerera Isitala, choncho palibe amene walavulira manda awo. A Fry ndi a Rowntree a ku York nawonso anali a mpingo womwewo. Kuwonjezera apo, mkuluyu ankadana ndi mowa koopsa, ndipo mudzi wa Bournville umene ana ake anamangira antchito unamangidwa wopanda bala. Tsono tangoganizani: ine, amene Loweruka lililonse ndimakhala ndi msonkhano wofunika ndi botolo, ndakhala ndikulondera manda a munthu amene akanandiona pageti akanaitana apolisi. Kulira kuposa namfedwa kumeneko. Ndipo kampaniyo inachoka kale m'manja mwa banjalo. Mu 2010 inagulidwa ndi Kraft ya ku America, lero ili pansi pa Mondelez.

Usiku umenewo ndinatenga Baibulo la mayi a kunyumba, langa silikuoneka chisamukireni, kuti ndipeze vesi lotsekera pakamwa banja lonse. M'nkhani yonse ya masautso ndi kuuka kwa Ambuye muli bulu, muli tambala, muli nsomba yowotcha. Dzira mulibe. Kalulu mulibe. Mazirawa analowa chifukwa kale Akhristu a ku Ulaya sankadya mazira pa Lenti, ndiye nkhuku, zosadziwa kalendala ya mpingo, zinkangoikirabe, ndipo pa Isitala anthu ankapeza mulu woti athane nawo. Ena amati chigoba chopanda kanthu chimakumbutsa manda apululu. Kalulu yekha anachokera ku Germany, kumene ana amauzidwa kuti ndiye amabweretsa mazirawo.

Apa ndiye ndinadzimvera chisoni, chifukwa azungu akhoza kupusitsidwa, koma ine ndinakulira pa nthano za agogo ndipo Kalulu ndimamudziwa. Ndi yemwe uja anakana kukumba nawo chitsime koma madzi n'kumamwa, alonda atawamanga ndi uchi. Lero wapeza viza, wavala riboni pakhosi, wauza dziko lonse kuti amaikira mazira, ndipo akugulitsa dzira lamphako pamtengo woposa wa chokoleti wamba cholemera chimodzimodzi. Alonda tonse tili pamzere, manja kumbuyo, tikukangana za zilembo za pa katoni, iye akutunga. Kwawo ku Germany nako anawayambanitsa mu 2018, pamene risiti ya sitolo ina inamulemba kuti kalulu wamwambo m'malo mwa kalulu wa Isitala. Kuno mu 2024 kasitolo kena ka ku Spalding kanaika chikwangwani chotcha mazirawa "gesture eggs", ndipo manyuzipepala anadya nkhaniyo sabata yathunthu.

Lamlungu masana ndinaimbira amayi kumudzi ku Mulanje, poganiza kuti mwina kumeneko ndikapeza wondimvetsa.

"Amayi, kuno zinthu zaipa. Akuchotsa dzina la Pasaka pa maswiti."

"Pa chiyani?"

"Pa maswiti. Pa mapepala okutira chokoleti."

"Analilembapo ndani poyamba?"

"Akampani."

"Akampaniwo amapemphera mpingo wanji?"

Ndinakhala chete, mayunitsi akupita.

"Nanga mukatha kudya, pepalalo mumalisunga m'Baibulo?"

"Ayi, timataya m'bini."

"Ndiye iwe ukumenyera nkhondo kuti dzina la tsiku la Ambuye lizikagona kudzala? Mwanawe, kuzizira kwakulowa m'mutu. Za feteleza zija watumiza?"

Netiweki inavuta pomwepo. Imavuta nthawi zambiri tikafika pa feteleza.

Chomvetsa manyazi n'chakuti dzira limene ndimati ndikulifuna lilipo. Kuyambira 2010 kampani ina yaing'ono, Meaningful Chocolate Company, imapanga lotchedwa The Real Easter Egg. Pabokosi pamakhala za Isitala zenizeni, m'kati mumakhala kabuku kofotokoza imfa ndi kuuka kwa Yesu, ndipo chokoleti chake n'cha Fairtrade. Mayi a kunyumba anati ngati mtima ukundipwetekadi, ndigule limenelo, ndigulirenso ana a Sande sukulu. Ndinawerengetsa ana a Sande sukulu, ndinawerengetsa za m'thumba, ndipo ndinamva mumtima kuti utumiki wanga ndi wodzudzula, osati wogula. Mphatso n'zosiyanasiyana. Komanso aliyense wokhala kuno amadziwa kuti Isitala ikangodutsa mazira otsala amatsika mtengo, ndipo pa tsiku limenelo sindinaonepo msilikali mnzanga aliyense akutembenuza bokosi kufufuza dzina. Tonse timangoyang'ana kapepala kachikasu ka mtengo.

Chilipo chimene chikuchokadi m'mabokosi muja, ndipo ndi chokoleti. Koko woposa theka wa padziko lonse amachokera ku Côte d'Ivoire ndi Ghana. Nyengo itasokonekera ndipo matenda atagwira mitengo kumeneko, mtengo wa koko pamsika wa ku New York unadutsa madola 10,000 pa tani mu Malichi 2024, masiku ochepa Isitala isanafike. Kuyambira pamenepo mazira ambiri akwera mtengo, ena aphwa, ena zonse ziwiri. Mlimi wa ku Ghana amene amathyola zipatsozo ndi chikwanje amalandira kagawo kochepa ka ndalama imene ine ndimapereka pa kauntala. Koma pa gulu lathu palibe anatumizapo chithunzi cha sikelo. Kukwiyira magalamu kumafuna masamu, kukumbukira kulemera kwa dzira la chaka chatha, mwinanso kuganizira munthu wa ku Kumasi amene sumudziwa. Kukwiyira dzina kumangofuna chala, ndipo ukamaliza umamva ngati wasala kudya masiku makumi anayi.

Choncho sindinabwerere m'mbuyo. Ndinajambula uthenga wamawu wautali n'kuuponya pa gulu. Za chikwangwani cha kudenga sindinatchule, poti uthenga wabwino suyenera kuchuluka nthambi. Ndinati ife Akhristu tagona tulo, tasiya adani alande tsiku lathu, yafika nthawi yoti aliyense aimirire ndi kuonetsa ntchito. Mawu ananjenjemera pamalo oyenera. Anthu anayankha ndi timanja topemphera ndi timoto tambirimbiri, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina ndinaphonya maitanidwe.

Ndinaiwala kuti pa gulu lomwelo pali akulu a mpingo. Madzulo ake foni inalira.

"Achimwene, uthenga wanu watikhudza kwambiri. Sitinkadziwa kuti muli ndi moto wotere. Takambirana, ndipo tagwirizana kuti chaka chino mutsogolere mapemphero a m'bandakucha pa Lamlungu la Pasaka. Muzifika 5 koloko kudzatsegula holo ndi kuyala mipando. Lachisanu Loyera mudzanyamula mtanda pa ulendo wa mumsewu, poti amene amanyamula uja msana wavuta. Asungichuma nawonso akuti akuoneni pang'ono, pali tinkhani ta chakhumi ta zaka zingapo."

Mtanda wake ndauona. Ndi wa thabwa lenileni, ndipo m'kati mwake si mwamphako.

Tsono ngati pali mnzanga wa kuntchito amene wapatsidwa shifiti ya Lachisanu Loyera ndi ya Lamlungu la Pasaka koma sakuzifuna, asavutike. Nambala yanga ali nayo, ndipo ndikhoza kuwonjezerapo dzira limodzi la karamelo.