Chaplin wafika ku Chibavi, ndipo aliyense ali ndi ndemanga

Mvula ya ku Mzuzu ikayamba kuwaza, ija yosadziwa kuleka, anthu amabisala paliponse pamene pali denga ndi sikirini: kometera tsitsi, ku saluni, m'timashopu ta anyamata oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni. M'makompyuta a anyamatawa, pakati pa mafilimu a ku Nigeria ndi a karate, mumapezekanso kamunthu ka timasharubu, kachipewa kobulungira, ndodo, ndi nsapato zoposa mapazi ake. Ameneyo ndi Charlie Chaplin, ndipo filimu yake imene yautsa mapiri pachigwa ndi City Lights, ya mu 1931.

Dandaulo loyamba ndi la mnyamata wina wa ku Chiputula, amene akuti anabwerera kwa woika mafilimu maso ali psuu. "Achimwene, mwandiikira filimu yakufa. Nyimbo ikumveka, koma anthuwo akungotsegula pakamwa. Ndibwezereni ndalama yanga." Woikayo analumbira kuti foni ilibe vuto, memory card ilibe vuto, wavuto ndi mwini filimu. Sananame. Pamene Chaplin ankajambula City Lights n'kuti mafilimu olankhula atayamba kale, kuchokera pa The Jazz Singer ya mu 1927, ndipo Hollywood yonse inali itathamangira komweko. Iye anauma mutu. Anaikamo nyimbo, zambiri zopeka yekha, ndi timaphokoso apa ndi apo, koma liwu la munthu ayi. Kumayambiriro anachita kuwaseka anzake olankhulawo: akuluakulu a mzinda akutsegulira chipilala, aima pansanja, manja m'mwamba, koma chotuluka pakamwa pawo ndi kulira kwa kalipenga basi. Atavundukula chinsalu, apeza mkulu wathu ali mtulo pamiyendo pa chiboliboli. Bambo wina amene wapserera ndi dzuwa pamisonkhano yambiri ya pabwalo anati gawo limenelo analimva lonse, popeza alendo olemekezeka amamveka choncho kumene ukakhala kumbuyo.

Amene sakondwa ndi ma DJ omasulira mafilimu m'Chichewa, aja amapatsa msilikali wa ku America dzina la kwathu n'kumulankhulitsa za ndiwo. Apa alibe polowera. Ku Taifa Market, komwe Chiswahili, Chitumbuka, Chinkhonde, Chitonga ndi Chichewa zimapatsana mpata pa benchi imodzi, mayi wina wa zitenje anati chimene chinamudabwitsa n'chakuti onse anaseka nthawi imodzi, popanda wogunda mnzake kufunsa kuti wati chiyani. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, ankatiseketsa mpaka nthiti kuwawa, koma nthabwala zawo zinali palilime. Mlendo wa ku Mbeya ankangotiyang'ana. Chaplin akameza wezulo mwangozi paphwando, n'kumalira m'mimba akangoti apume, mpaka taxi kuima ndi agalu kumuunjikira, wa ku Mbeya ndi wa ku Usisya amagwa limodzi.

Nkhani yake ndi yaifupi. Mtsikana wosaona amagulitsa maluwa m'mbali mwa msewu. Chaplin, mphawi wopanda pogona, pozemba wapolisi alowa m'galimoto ya mwini wake khomo ili n'kutulukira linalo. Mtsikana amva chitseko cha galimoto, n'kuganiza kuti watsika ndi bwana. Mphawi agula duwa ndi kandalama kake kotsiriza, mwini galimoto abwera, chitseko chilira kachiwiri, galimoto inyamuka, ndipo mtsikana akhulupirira kuti bwana wapita osatenga chenji. Chaplin ayang'ana dzanja logwira chenji lija, ayang'ana galimoto, kenaka achoka monyang'ama. Anyamata a Sacramento, aja onyamula anthu pa njinga pa Katoto, nkhaniyi anaitenga ngati yowakhudza. "Mwaona, biggie? Nkhani ndi chitseko. Ife njinga ilibe chitseko, n'chifukwa chake maukwati akutichedwera." Wophunzira wina wa ku yunivesite ya Mzuni, mwa aja sangalole nkhani kudutsa osaithira chiwerengero, anawauza kuti kagawo kameneko Chaplin anakajambula maulendo 342, ndipo anafika pochotsa ntchito wosewera ngati mtsikanayo, Virginia Cherrill, n'kudzamuitananso. Wa Sacramento anati akanakhala mlongo wake, pofika kachikhumi maluwawo akanathera kumaso kwa bwanayo.

Koma amene watenga mitima ya anthu m'mabala, kuyambira ku Zolozolo mpaka ku Mchengautuwa, si mtsikana ayi. Ndi mpondamatiki wina wa m'filimuyi. Chaplin amupeza usiku m'mbali mwa mtsinje, atakhuta mowa, akufuna kudziponya m'madzi ndi mwala m'khosi, n'kumupulumutsa. Kuyambira pamenepo, bamboyo akaledzera amamukumbatira, kumutcha bwenzi, kumupatsa ndalama ngakhale galimoto. Kukacha, mowa utatha m'mutu, samudziwa n'komwe, ndipo wantchito amutaya panja. Usiku wina akaledzeranso, ubale wabwerera. Pamenepa palibe amene amafuna kufotokozeredwa. Aliyense ali ndi dzina loti atchule, ndipo maina amene ndinamva sindingawalembe pano. Wina anati ndi malume ake a ku Area 47 ku Lilongwe, amene pamaliro amalonjeza fizi, koma ukaimba foni Lolemba amafunsa kuti ukuti ndiwe mwana wa ndani. Wina anati ndi bwana wake wakale. Adada ena achikulire, atapukuta thovu pamlomo, anati ana inu mukuyang'ana pafupi: ameneyo ndi phungu, kuledzera kwake kumabwera kamodzi pa zaka zisanu, ndipo kukangotha kuvota mutu umayera. Ine ndikuona kuti mphamvu ya filimuyi yagona pa bambo ameneyu. Chaplin sanamupange kukhala woipa mtima. Akaledzera amakonda mnzakeyo moona, akatsitsimuka amamuiwala moona, ndipo wosauka ndiye ayenera kuphunzira kuwerenga maso a bwana asanapereke moni.

Amayi a mu msika wa Zigwagwa agwira pena. Iwo akuti nkhani ndi lendi. Mtsikanayo ndi agogo ake ali ndi ngongole ya madola 22, ndipo kalata yowatulutsa m'nyumba yafika. Agogo aibisa, koma Chaplin aipeza, n'kupita kukasaka ndalama. Ganyu yake yosesa m'misewu ndi ija amathawa msewu wodutsa mahatchi n'kukakumana ndi njovu. Atachotsedwa ntchito chifukwa chochedwa, alowa nkhonya atapangana ndi mnzake kuti asapwetekane, agawane ndalama. Mnzakeyo athawa apolisi nkhonya zisanayambe, ndipo m'malo mwake mubwera chimunthu chosafuna zogawana. Zotsatira zake ndi kuvina kuja kobisala kumbuyo kwa refa, komwe ana amakubwereza mpaka batire kutha. Amagonja ndithu. "Koma anayesetsa," anatero mayi wina wa tomato. "Wa kwathu lendi ikakwana amayamba kudwala mutu." Umphawi umenewu Chaplin sanachite kuuwerenga m'buku. Anabadwira ku London mu 1889, analowa m'nyumba yosungira amphawi ku Lambeth ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mayi ake ankalowa ndi kutuluka m'chipatala cha odwala misala. Mwina n'chifukwa chake mphawi wake, ngakhale buluku lili lazigamba, amakonza kaye chipewa asanalankhule ndi munthu.

Madala ena a ku Mzimba amaseka achinyamata akamati atulukira chinthu chatsopano. Akuti Chaplin anafika m'maso mwa anthu a kuno kudzera ku Joni. Pamenepo pali mbiri yeniyeni: m'zaka za m'ma 1920, mbusa wa ku America, Ray Phillips, ankaonetsa mafilimu m'makomponi a migodi ya ku Johannesburg, ndipo Chaplin anali pakati pa okondedwa kwambiri. M'zaka zotsatira, amuna a ku Nyasaland anali ambiri m'migodi imeneyo. Kaya agogo a madalawa anamuoneradi kapena anangomva kwa anzawo, nkhani imakoma akamaifotokoza, makamaka akaimirira kuonetsa kayendedwe kake, mapazi ataloza kum'mawa ndi kumadzulo.

Wa ku Mzuni uja anayesanso kuthira zake: kuti Albert Einstein anali mlendo wa Chaplin tsiku loyamba kuonetsa filimuyi ku Los Angeles, kuti mu 1991 Library of Congress inaiika pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa, kuti mu 2008 American Film Institute inaiika pamwamba pa mafilimu onse achikondi oseketsa a ku America. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu n'kubwerera ku mkangano weniweni, wa mathero.

Mpondamatiki, ataledzera, apatsa Chaplin madola 1,000. Akuba amumenya m'mutu, aiwala zonse, ndipo Chaplin aoneka wakuba. Athawa, akapereka ndalama zonse kwa mtsikana kuti alipire lendi ndi kukachitidwa opaleshoni ya maso, kenaka amangidwa. Potuluka kundende ali sanzasanza, anyamata ogulitsa nyuzipepala akumugenda, apeza mtsikana akuona, ali ndi shopu yake ya maluwa, akudikirabe bwana wake wa galimoto. Mtsikana amuseka pang'ono, amumvera chisoni, atuluka kukamupatsa duwa ndi kandalama. Pomugwira dzanja, zala zake zizindikira munthu amene maso sakumudziwa. Chaplin amwetulira mwamantha, chala chili pakamwa, filimu n'kutha.

Ku saluni ina ku Katawa anakangana mpaka kasitomala kutsala ndi mutu woluka theka. Asisi ena akuti amukwatira basi, munthu anakupatsa maso ungamusiye bwanji. Anzawo akuti kuthokoza ndi kwina, chikondi ndi kwina. Amulemba ntchito yothirira maluwa, nkhani yathera pompo. Wina anati muyang'anenso nkhope ya mtsikanayo, si ya munthu wokondwa, ndi ya munthu amene maloto amuthera pamaso pa munthu wabwino. Mkulu wampingo wina anadandaula kuti Chaplin anayambitsa chibwenzi ndi bodza, choncho ayambe walapa. Amuna ambiri amene ndinawafunsa anati m'maso munangolowa utsi wa mbaula.

Adada aja a za phungu anadikira onse atope. Kenaka anafunsa modekha kuti inu mukukamba za ukwati, kodi munthu ameneyu kwawo n'kuti, thenga wake ndani, ndipo malowolo atenga kuti, poti ndalama zonse anapereka kale kuchipatala? Wa Sacramento anayankha kuti madola 1,000 aja awerengedwe ngati ng'ombe. Adada anakana: ndalama inalandiridwa ndi mtsikana yekha, popanda mboni, agogo ake kulibe, ndiye kwathu kuno imeneyo ndi mphatso chabe. Mlanduwo auimitsa kaye mpaka Loweruka, magetsi akakhalapo, kuti aonerenso ngati agogowo analidi kulibe.