Njuchi ya pamkono wanga

Anamwino alibe mlandu. Anandiuza zonse bwinobwino, koma ine ndi uja amati adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Impso zanga zitaleka kugwira ntchito, anandiika kapaipi m'khosi kuti makina a dayalisisi azikokerapo magazi. Adokotala anati kameneka n'kongoyembekezera. Chokhalitsa ndi fistula: amalumikiza mtsempha wochokera kumtima ndi wobwerera, pamkono, munthu n'kudikira milungu 6 kapena kuposerapo kuti ukhwime. Ndinasuzumira pabedi la mnzanga, ndinaona masingano awiri onenepa ngati sipoko ya njinga.

"Ayi adokotala, kapaipi kanga kandikwanira."

Lamulo la kapaipi ndi loti kasanyowe. Koma dzuwa la mu Okutobala mumalidziwa. Tsiku lina ndinadzikhuthulira ndowa yonse pamutu, mtima n'kukhala m'malo. Sabata isanathe ndinali kunjenjemera pamakina ngati mwanapiye wovumbwa. Ndinati ndi malungo. Sanali malungo. Tizilombo tinalowera pakapaipipo, ndipo nsonga yake imakafika kumtima kwenikweni. Ndinagonekedwa milungu iwiri.

Potuluka, zikhatho zinali mbee, mlingo wa magazi (HB) uli pa 7. Anandifotokozera kuti impso ndizo zimatulutsa erythropoietin, amene amauza mafupa kuti apange magazi, n'chifukwa chake anthufe timafunika jekeseni wake pamodzi ndi ayironi. Azakhali anamva zawozawo. Anafika ndi chigubu cha malita 5 cha madzi a masamba a mapeyala.

"Imwa mwanawe, za Azungu zimachedwa."

Ine, munthu wokodza kasupuni patsiku, woletsedwa madzi ambiri, ndinachimaliza m'masiku awiri. Miyendo inatupa ngati mitondo, mpweya ukubanika. Sikelo itaonetsa makilo 4 owonjezera, anamwino anangovula magalasi.

"Bambo, mwamwa Shire?"

Lero ndili ndi fistula kumanzere. Ukaikapo chala imanjenjemera ngati muli njuchi, ndipo ikasiya uthamangire kuchipatala msanga, magazi aundana. Wotchi inasamukira kumanja. Mkono wamanzerewu sindigonera, sindinyamulira thumba, BP sayezerapo.

Lachiwiri ndinasinza m'minibasi. Podzidzimuka ndinagwira pamkono: zii! Ndinakuwa kuti aimitse, ndikufa ine. Kondakitala anatsitsa anthu, mayi wina anayamba pemphero, dalaivala akukhotera kale kuchipatala. Ndiye kamnyamata kamene kanali pambali panga kanafunsa mwaulemu:

"Agogo, chotupacho si chili mkono winawo?"