Musandiimitse, si ine wakabaza

Akuti masiku ano anthu ophunzira padziko lonse atengeka ndi njinga yakapalasa. Bungwe la United Nations mpaka linaipatsa tsiku lakelake mu 2018, loti pa 3 June chaka chilichonse tiziikumbukira. Ku Netherlands njinga ndi zambiri kuposa anthu, ndipo pasiteshoni ya sitima ku Utrecht anamanga nyumba yoimikamo njinga 12,500. Nduna yaikulu ya dzikolo, a Mark Rutte, ankapalasa popita kuntchito, ndipo tsiku lotula pansi udindo mu July 2024 anangokwera kanjinga kawo n'kumapita. Kwathu kuno munthu wamkulu chotero akamadutsa, msewu umatsekedwa, ife tili pambali kupsa ndi dzuwa.

Nkhani zimenezi ndinaziloweza bwino, ndipo ndi zimene ndimayankha wina akandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira minibasi. Zakuti Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa ulendo n'kukwera malipiro anga ali phee, ndimazisiya kunyumba. Mwamuna wovala taye sanena kuti thumba labooka. Amati akusamala thupi ndi chilengedwe.

Mayi a kunyumba sanatsutse. Anangoyang'ana njingayo, kenako mimba yanga, n'kufunsa kuti, "Bambo, chishalocho anakuuzani kuti chimapirira makilo angati?" Apongozi atamva anatumiza uthenga wofunsa ngati ntchito yatha, kuti ngati n'choncho tisachite manyazi, chimanga kumudzi chilipo.

Chimene a Rutte sanandiuze n'chakuti dziko lawo ndi lathyathyathya. Ine ndimakhala ku Chirimba, ntchito ndimagwira ku Limbe, ndipo amene anaika Limbe pamwamba pa Blantyre sankaganiza za maondo anga. Ndikamafika ku Ginnery Corner malaya amakhala atamatirira kumsana. Kuyambira ku Chichiri kupita kumtunda ndimatsika n'kuyamba kukankha, foni ili kukhutu, kuti odutsa aziganiza kuti ndaima chifukwa cha nkhani yofunika. Kwa anzathu njinga ili ndi njira yakeyake. Pa Masauko Chipembere Highway njira yanga ndi kamzere ka pakati pa ngalande ndi minibasi, ndipo kondakitala amatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Madala, kwerani, njingayo tiimanga kumbuyo!"

Manyazi enieni ndimawaona m'mawa pamsewu wa Zalewa. Anyamata a makala amene anyamuka usiku cha ku Lunzu ndi kupitirira, matumba atasanjikizana kuposa mutu wawo, amandipitirira akuimba mluzu. Mmodzi anabwezako liwiro n'kundilangiza kuti, "Achimwene, tcheni yanuyo ikulira, ithireni oilo." Tcheni inali bwinobwino. Chinkaliracho chinali chifuwa changa.

Anthu amenewa ndi amene amandiseketsa ndikamva ophunzira akufunsana ngati tsiku lina kupalasa njinga kudzakhale chinthu wamba. Kwa ndani? Kumudzi njinga yanyamula mbuzi, malata, mkwatibwi ndi wodwala kuyambira nthawi ya Humber ya agogo. Mphunzitsi ndi mlangizi wa zaumoyo amafika pantchito atapalasa, ndipo palibe amawajambula. Ku Mzuzu, ku Salima ndi ku Nsanje anyamata a kabaza alera nayo ana. Chachilendo ndi munthu wa muofesi kuikwera. Kumeneko ndiye timagawana: wosauka akapalasa timati alibe, wolemera akapalasa timati akulimbitsa thupi. Olemerawo mumawaona Loweruka, njinga ataikweza pa galimoto, kupita nayo kutali, kukaitsitsa, kuzungulira atavala kabudula wothina, n'kuikwezanso. Njinga yokwera galimoto imeneyo mtengo wake ungandilipirire lendi mpaka ana atakula.

Ine ndinkafuna kuti anthu azindiika m'gulu lachiwirili. Ndinagula chipewa cholimba pakaunjika, chofiira, cha mwana wasukulu wa kunja. Ndinamasula kaliyala, poti kaliyala ndiye amaulula munthu. Ndinamangirira botolo la madzi. Mlonda wa kuntchito anaona zonsezi, n'kundilozera kuseri kumene amaimikako njinga yake, pafupi ndi zinyalala. Mafuta atasowa m'tauni, mabwana akugona pamzere, ndinayenda mapewa ali m'mwamba ndipo awiri anandifunsa mtengo wa njinga. Mafuta atabwera anaiwala, n'kuyambanso kundiwaza matope.

Kaliyala sanakhalitse pansi pa bedi. Mayi a kunyumba anakam'mangitsanso kwa wokonza njinga, n'kusokerapo katsamiro, ati thumba la chimanga lisamabooke popita kuchigayo. Loweruka lomwelo, nditaima pamsika wa Chirimba kudikira chenje cha tomato, ndinangomva njinga yalemera kumbuyo. Mayi wina anali atakhala kale, dengu lili pamiyendo.

"Ku Kameza, achimwene, koma mofatsa, muli mazira."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere za a Rutte ndi za Utrecht. Iwo anatchula mtengo. Unali wokwana ndiwo zamadzulo, ndipo anawonjezera pang'ono chifukwa, akuti, sanaonepo wakabaza waulemu chonchi.