Kompyuta nayo imafuna ankhoswe

Mlamu wanga adaganiza zolumikiza yekha kompyuta, ati kugula yathunthu n'kwa anthu osadziwa kusunga ndalama. Adatola zida ngati akugula ndiwo pamsika: purosesa kwa uyu, bodi kwa uyo, RAM kwa mnyamata wina amene adalumbira kuti imalowa paliponse.

Tsiku lolumikiza adandiitana ngati mboni. Purosesa inali Ryzen 5 5600 ya AMD, yomwe imakhala pa soketi ya AM4, koma bodi inali ya Intel, LGA1700. Ukwati wopanda ankhoswe weniweni, mabanja sadakumanepo n'komwe. Atasinthitsa bodi n'kupeza B450, RAM nayo idakana. Inali DDR5, pomwe bodi ya AM4 imalandira DDR4 basi. Zonse ziwiri zili ndi timano 288, koma kampata kali pamalo osiyana, ndiye ungakanikize mpaka thukuta kamukamu, siilowa. Mlamu adakanikiza ndithu, ine ndikuyang'ana kudenga.

Sabata yachitatu zonse zidakhala m'malo. Mafani akuzungulira mokoma, timagetsi tikuphethira, koma sikirini ili bii! Ryzen 5 5600 payokha situlutsa zithunzi, yotulutsa ndi 5600G. Chilembo chimodzi chokhacho chidadya ndalama ya feteleza, poti adakagulanso graphics card, ndipo achemwali anga mpaka lero amaitcha kompyutayo "matumba awiri".

Inu amene manja akukuyabwani, yambani mwasankha purosesa, bodi ibwere pambuyo, ndipo muwerenge chilembo chilichonse pabokosi musanatulutse chikwama.