Tsiku lomwe ndinadziyanika pamodzi ndi matemba

Msana wanga unayamba kudandaula chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, mu 2018. Amene munaliko mukukumbukira momwe tinkakankhira mabwato m'kangalande ka matope kuchokera pa Kachulu mpaka kuno ku Chisi, munthu atawerama ngati gogo wofunafuna singano. Madzi anabwerera, matemba nawo anabwerera, koma msana wanga unatsalira m'matope momwemo. Mpaka lero ndikagwira mponda umalira ngati chitseko cha tchalitchi chakale.

Ndiye mwezi watha kunafika mwana wa mlongo wanga wa ku Joni uja, amene anachoka kuno ali wokoka khoka koma anabwera akumwa madzi a m'botolo okhaokha. Atandiona ndikudzuka pamphasa pang'onopang'ono ngati munthu wobweza ngongole ya banki m'khonde, anapukusa mutu.

"Amalume, inu mukufunika hot yoga."

Ndinamuyankha kuti yogati ndimamudziwa, ndinamwapo ku Zomba, koma wotentha ndiye ayi.

Anaseka mpaka foni kugwa. Kenako anandifotokozera kuti yoga ndi masewera akalekale a ku India, owongola thupi ndi kupuma mwadongosolo. Yotenthayo akuti anaitchukitsa mkulu wina wobadwira ku Calcutta, Bikram Choudhury, atasamukira ku California m'zaka za m'ma 1970. Amatseka chipinda, n'kuchitenthetsa mpaka madigiri 40, anthu n'kumadzipindapinda m'menemo kwa mphindi 90, m'makhalidwe 26 otsatizana. Zoti mkuluyo milandu yozunza akazi inadzamuthamangitsa ku America, mnyamatayo ananena motsitsa mawu. Ine chomwe chinandiimitsa mutu ndi china.

"Ukuti amalipira?"

"Eya amalume, ndalama zambiri ndithu."

"Kulipira kuti atenthedwe?"

Ndinakhala chete, mtima ukuwawa. Zaka zonsezi takhala tikutukwana Okutobala, kugona panja, kudzipepesa ndi chivundikiro cha poto, osadziwa kuti tikukhalira katundu. Mwenye wina anangotenga Okutobala wathu yemweyu, kumutsekera m'chipinda, n'kumagulitsa kwa azungu pa ola pa ola.

Pafoni anandionetsa anthu ake, oonda ngati bango, atavala tinsalu tosakwana n'kusefera thobwa komwe. Mayina a makhalidwewo ndiwo anandilimbitsa mtima, chifukwa onse ndi anzathu: mtengo, chiwombankhanga, dzombe, kalulu, kamba, ngamira. Ndinati ngati kamba akutha, ine ndingalephere bwanji? Mnyamatayo anandichenjeza zitatu: kumwa madzi ambiri, kusadya zolemera, ndi kuyamba pang'ono. Ndinavomera zonse ndi mutu. Koma ndi liti malume analandirapo malangizo kwa mwana yemwe anamuphunzitsa yekha kupalasa bwato?

Chipinda chotentha sindinachisowe. Mayi a kunyumba ali ndi katenti kapulasitiki koyanikiramo matemba, kotengera matenti aja anabwera kunyanja kuno ndi a mabungwe. Masana mukalowamo mumamva ngati mwalowa m'kamwa mwa ng'ombe. Lachinayi lina iwo atawoloka kupita ku Kachulu, ndinatsitsa mitanda itatu ya nsima ndi mutu wa mlamba kuti ndipeze mphamvu, n'kuvula malaya. Madzi sindinatenge. Munthu wobadwira pachilumba n'kumayenda ndi botolo la madzi, anthu angati chiyani?

Poyamba zinayenda bwino. Kuima ndi mwendo umodzi ngati mtengo ndi ntchito yomwe aliyense woyendetsa bwato ndi mponda amaidziwa, ngakhale akakowa amachita osaphunzitsidwa. Pa chiwombankhanga ndinapiringiza manja ndi miyendo mpaka kuiwala kuti wakumanja ndi uti. Pa dzombe ndinagona chafufumimba n'kutukula miyendo, nsima ija n'kuyamba kufunsa njira yobwerera. Pali khalidwe lina logona chagada n'kukokera mawondo pamimba, lomwe dzina lake lenileni, sindikunama, ndi lochotsa mpweya. Limenelo ndikuchitira umboni kuti limagwira ntchito. Ndingopempha kuti musaliyesere m'tenti yotseka.

Thukuta linali litasanduka mtsinje wa Likangala. Ine n'kumakondwa kuti matenda onse akutuluka. Pa ngamira ndinagwada, n'kupindikira kumbuyo kuti ndigwire zidendene. Msana unati thoo! Denga linayamba kuzungulira, matemba a pathandala n'kuoneka ngati ayambanso kusambira. Ndinakumbukira kuti pali khalidwe lopumulira lotchedwa mtembo, logona chagada manja ali tambalale. Ndilo lokhalo lomwe ndinalikhoza bwino kuposa a pafoni aja.

Chomwe chinandidzutsa ndi mfuwu.

"Mayo ine! Bambo a kunyumba andisiya!"

Potsegula maso ndinaona miyendo ya mudzi wonse. Amayi ena anali atamanga kale zitenje m'chiuno, mkulu wa mpingo akukonza kukhosi, ndipo mlamu wanga, ndinamuona ndi maso angawa, ankayang'ana njinga yanga mwachikondi. Wina anandikhuthulira ndowa ya madzi. Ndinadzuka n'kulengeza ndi ulemu wonse womwe unanditsalira kuti ndimachita masewera olimbitsa thupi.

Misozi ya mayi a kunyumba inauma nthawi yomweyo.

"Abambo inu, ndevu zonsezi? Mwatopa kukhala munthu, mwafuna kukhala ndiwo? Nanga matemba onunkha thukuta lanuwa agula ndani?"

Mlangizi wa zaumoyo anabwera ndi Thanzi, n'kundimwetsa ngati khanda lotsegula m'mimba. Iye sanaseke, mwina anakasekera kwawo. Anati thukuta ndi madzi ndi mchere basi. Zoipa za m'thupi zimachotsedwa ndi impso ndi chiwindi, ndipo impsozo zimafuna madzi omwe ine ndinkataya. Makilo omwe munthu amatsika akatuluka thukuta amabwerera akangomwa madzi okwanira. Kutentha kumafewetsa minofu, n'zoona, koma kumanamizanso munthu kuti apindike kupyola pomwe thupi lake lingafike. Odwala mtima, a BP ndi amayi oyembekezera, anatero, asayese n'komwe asanafunse kuchipatala.

Chomwe chimandichititsa manyazi n'chakuti mphunzitsi ndinali naye pakhomo. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe amathiramo, dzuwa n'kumamwa. Kunena mwachidule, nyanja yathuyi imachita yoga yotentha chaka chilichonse, ndipo mitsinje ikalephera kuimwetsa imagona mtembo: 1968, 1995, 2018. Kawiri konse ndinaona ndi maso anga nyanja yathunthu ikukomoka chifukwa cha ludzu. Ine wa mitanda itatu ya nsima ndinkadziyesa ndani?

Komabe ndisanamizire yoga. Patapita sabata, manyazi atachepa ndiponso amphaka atasiya kunditsatira, ndinayambiranso. Tsopano ndimachita mbandakucha pansi pa mlambe wa kuseri kwa nyumba, chigubu cha madzi chili pambali, m'mimba mulibe kanthu. Ngamira ndinamusiyira eni ake a kuchipululu. Ndimachita kamba, kalulu pang'ono, n'kumaliza ndi mtembo, koma nditayamba ndachenjeza a m'nyumba. Msana sunachire, koma ndimadzuka pamphasa ulendo umodzi. Chodabwitsa kwambiri ndi kupuma kuja. Kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, kuutulutsa osathamanga, kumaziziritsa mutu ngakhale tsiku lomwe khoka latuluka ndi ndere zokhazokha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinadikira kuti mawuwo azungulire ku India ndi ku Joni kuti ndiwamve. Mayi a kunyumba akuti ndasiya kukalipira nkhuku, ngakhale dzina loti Bambo Matemba ndiwo akulifalitsa kudooko.

Inu a m'tauni amene mukufuna yotentha yeniyeni, musataye ndalama zanu. Kwerani bwato pa Kachulu mwezi wa Okutobala, kutentha tikupatsani ulere. Mubwere ndi madzi anu akumwa, ndipo za tenti muiwale: mayi a kunyumba agula loko.